Mzere Umodzi m'Chikombole

Tadala ndi Mphatso, ana anga, pali funso limene munandifunsa chaka chimene agogo anu a ku Ntcheu anamwalira, ine n'kuliyankha mozungulira ngati wandale. Anafunsa ndi Tadala, tili m'galimoto, m'Chingerezi chake chothamanga chija: “Dad, why didn't you go?” Ndinati ndi nkhani ya mapepala. Sindinaname, koma sindinamalize. Tsopano poti ndinapuma pantchito ndipo wotchi siindidzutsanso, ndati ndilembe kuti mudziwe chimene chinandiletsa kukaika maliro a mayi wondibala. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakuvutani mukafunse mayi anu, ndipo asakuuzeni kuti atanganidwa.

South Bend, 2010 mpaka 2013

Ndinabwera ku Amereka ndili wamkulu kale, imvi zitayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Kwathu ndinaphunzitsa masamu kusekondale zaka zambiri, ndipo mwayi wa sukulu ya makompyuta utapezeka ndinati papsa tonola. Za sukuluyo ndi za kutsuka mbale kukantini ndinakuuzani kambirimbiri mpaka munayamba kundimalizira ziganizo, choncho ndizidumpha. Ntchito yanga yoyamba yeniyeni inali pachipatala china pafupi ndi pakati pa tauni ya South Bend, kuchipinda cha makompyuta. Chipindacho chinali pansi penipeni, chopanda ngakhale zenera limodzi. M'miyezi yozizira ndinkadikira basi ya tauni nditavala majekete awiri, makutu akuwawa, ndikudzifunsa kuti kodi ana asukulu a ku Ntcheu anandilakwira chiyani kuti ndiwathawe.

Ntchito yanga inali yopanga madashibodi. Mukudziwa kutsogolo kwa woyendetsa galimoto pamakhala singano ya mafuta ndi kanyali kamene kamayaka injini ikatentha. Makompyuta akuluakulu a chipatala nawonso amafunika choonerapo chotero. Timapachika sikirini pakhoma, pasikirinipo timabokosi, kabokosi kalikonse kakuimira makina ake. Zinthu zikakhala bwino kamabiriwira, zikayamba kuvuta kamachita chikasu, zikafika poipa kamafiira. Masiku amenewo dashibodi iliyonse ndinkaipanga pamanja, kukoka kabokosi aka, kupaka mtundu apo, ndipo mkulu wa nthambi iliyonse ankafuna yakeyake. Anthu tinali ochepa, masikirini anali akale, ndipo ukapempha china chatsopano ankakuuza kuti chaka chamawa.

Abwana anga anali Mayi Lorraine, mzimayi wamfupi wosakonda mawu ambiri, amene ankabisa kahita kothamangitsira kuzizira pansi pa desiki ngakhale malamulo sankalola. Tsiku lina anandiitana, ataima pakati pa masikirini awiri.

“Wilson, taona,” anatero akuloza ndi kapu yawo ya khofi. “Makina ndi amodzi omwewa. Sikirini iyi ikuti akufa, iyo ikuti ali bwinobwino. Ndikhulupirire iti?”

“Zonse ndinapanga ndine, mayi,” ndinayankha. “Koma iyi ndinapanga Lolemba, iyo Lachisanu madzulo.”

Anaseka mpaka khofi anatayikira pansi, kenaka anati ndipeze njira yoti Lolemba ndi Lachisanu azigwirizana. Ndili m'basi pobwerera ndinakumbukira agogo anu aamuna. Iwo ankaumba njerwa zogulitsa, agogo anu aakazi akutunga madzi okandira dothi. Njerwa sankaiumba ndi manja imodziimodzi ayi. Anali ndi chikombole chathabwa, ndipo njerwa ya m'mawa ndi ya madzulo zinkatuluka zofanana. Oumba ena ankapala milomo ya chikombole kuti njerwa zichepeko pang'ono, dothi lomwelo litulutse zambiri. Ndi maso sukanaona kusiyana, ndipo wogula ankazindikira khoma litakana kufika pamene anayeza. Bambo anga ankati munthu wopala chikombole sanama kamodzi, amanama panjerwa iliyonse.

Ndiye ndinalemba chikombole changa m'khodi, ndiko kunena m'mawu amene kompyuta imamva. M'menemo ndinanena kamodzi kokha mmene dashibodi iyenera kuonekera: bokosi ili likhale apa, lichite chikasu zikafika apa, lifiire zikapitirira apo. Pulogalamu inkangotenga mayina a makina, kuwathira m'chikombolemo, madashibodi onse n'kutuluka ofanana. Anzanga ankati tempuleti, ine mumtima ndinkati chikombole. Mayi Lorraine anawonjezapo malamulo awiri. Loyamba, m'mawa uliwonse anthu asanafike pulogalamu iziumbanso madashibodi onse, kotero kuti chilichonse chimene munthu wasintha pamanja dzulo chizifufutika. Lachiwiri, wosintha chikombole chenichenicho dzina lake lizitsala pamenepo. Anthu anadandaula kwambiri. Mkulu wa kulabu yoyezera magazi anapaka dashibodi yake mitundu ya timu yake ya mpira, m'mawa mwake n'kupeza yabwerera mwakale, ndipo anatsika masitepe akufuka utsi. Mayi Lorraine anangomuuza kuti akafuna mitunduyo apemphe isinthidwe m'chikombole, chipatala chonse chione. Sanabwerenso.

Ndikanakonda kukalambira pamenepo. Koma viza yanga yantchito inali ndi zaka zake zowerengeka, ndipo chipatalacho chinati sichingathe kundiyendetsera mapepala a girini khadi, chilolezo chokhalira m'dziko lino mpaka kalekale. Inu nonse, pamodzi ndi mayi anu, munkakhala kuno chifukwa cha viza yangayo. Itatha, tonse tikananyamula zikwama. Choncho kampani ina ya ku Indianapolis itandilonjeza kuti idzandiyendetsera mapepalawo, ndinatsanzika. Mayi Lorraine anandipatsa kahita kawo kaja, amvekere kumene ndikupitako nakonso kumazizira.

Indianapolis, 2014 mpaka 2015

Tinapeza kanyumba ku Beech Grove, kaja kanali ndi mtengo wothothoka masamba m'ngalande zadenga. Mayi anu, amene kwathu anali namwino wathunthu, anayambiranso sukulu ya unamwino ngati mwana, ndipo pulakitiko ankachitira kunyumba ina yosungira okalamba kumadzulo kwa mzinda. Kampani yathu inkasamalira makompyuta a zipatala zing'onozing'ono ndi nyumba za okalamba zambiri. Ananditengera chikombole chomwecho, ndipo pasanathe miyezi khoma lonse la chipinda chathu linadzaza madashibodi ofanana ngati ana a mimba imodzi. Malamulo awiri a Mayi Lorraine ndinabwera nawo.

Abwana anga kumeneko anali a Gary. Ndikufuna mumve bwino, a Gary sanali munthu woipa. Ndi iwo anapatsa Mphatso njinga ya mwana wawo, ndi iwo ankatiitana kukawotcha nyama kwawo, ndipo gawo loyamba la mapepala anga anasaina akumwetulira. Kunatsala gawo lalikulu. Kunyumba tinkalankhula ngati girini khadi ili kale m'thumba, kuiwala kuti fodya wapachala ngwamphepo.

Vuto linali makina. Zolemba za mankhwala a odwala zinkakhala m'makina aakulu, ndipo zinkayenera kukoperedwa mosalekeza m'makina ena osungira, kuti aakuluwo akafa anamwino apezebe zonse. Osungirawo anali okalamba, ankatsalira m'mbuyo. Pamgwirizano wathu ndi zipatala panali malire a kutsalirako, ndipo malirewo ndinawalemba pamzere umodzi m'chikombole. Makina akapitirira malire, bokosi linkafiira. Chaka cha 2015 chili mkati, bokosi limenelo linali lofiira pafupifupi padashibodi iliyonse. Ndinapempha makina atsopano mpaka pakamwa kuuma, yankho n'kukhala lija ndinalizolowera ku South Bend, lakuti chaka chamawa.

Lachiwiri lina a Gary anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

“Wilson, Lachinayi kukubwera akuluakulu a zipatala zija kudzaona ngati apitirize nafe,” anatero. “Akalowa m'chipinda chathu aona khoma lonse lili maso ofiira. Malire aja ali pamzere umodzi, eti? Uwakweze pang'ono, zonse zibiriwire. Lachisanu udzabwezeretsa.”

“Bwana, malirewo si anga,” ndinayankha. “Ndi amene tinagwirizana ndi zipatalazo. Kufiirako kukunena zoona.”

“Palibe wafa,” anatero modekha. “Akasaina tigula makina atsopano, vuto litha. Akapanda kusaina, anzako ambiri m'chipinda muja akhala opanda ntchito. Ukuganiza kuti ine ndikugona tulo?” Kenaka anawonjeza akuyang'ana pazenera. “Mapepala akonso ndimafuna ndisaine sabata ino, tonse tili okondwa.”

Sanandiopseze. Anangoika zinthu ziwirizo pafupi, kuti ndizione pamodzi. Ndinawauza mwaulemu kuti mzerewo sindiukhudza, ndipo ndinatuluka. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Lachitatu m'mawa ndinapeza a Gary atakhala pakompyuta, magalasi ali pamphuno, akusintha madashibodi okha pamanja, imodziimodzi, mmene ndinkachitira ine kale. Pofika masana khoma lonse linali lobiriwira ngati dimba. Anabwera padesiki langa n'kulankhula motsitsa mawu.

“Chikombole chako sindinachikhudze, dzina lako silili paliponse. Koma ndikudziwa kuti mawa m'mawa pulogalamu yako ifufuta zonsezi. Ingoiimitsa tsiku limodzi. Sindikukupempha kuti uname. Ndikukupempha kuti usachite kanthu.”

Apa ndiye ndinagwira njakata. Kiyi woimitsira pulogalamuyo anali ndi ine ndi mnzanga wina amene anali kutchuthi, choncho panalibe wina womuponyera. Dzulo lake kukana kunali kosavuta, chifukwa ankafuna kuti ndilembe bodza ndi dzanja langa. Tsopano bodza linali litalembedwa kale ndi wina, ine ntchito yanga n'kungolisiya ligone. Ndinati ndiganiza.

Madzulo ake ndinakatenga mayi anu kupulakitiko, ndipo tinapatukira ku Lafayette Road, kusitolo ija timagulako nyama yambuzi ndi nsomba zouma. Nditaimika galimoto, iwo sanatsike.

“Bambo a Tadala, mwadiraiva njira yonse osayankhula, wailesi osatsegula. Wamwalira ndani?”

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera atapinda manja pachifuwa, akadali mu yunifolomu.

“Nyumba ya okalamba imene ndikupitako ine ili pakhoma panupo?”

“Ilipo.”

“Yofiira?”

“Mpaka dzulo inali yofiira.”

“Ndiye makina anu aakuluwo atakirasha mawa, ine n'kutsegula kompyuta kuti ndicheke mankhwala a agogo aja a chipinda chakumapeto, ndipeza chiyani?”

“Mupeza za dzana.”

“Adokotala awasinthira mankhwala dzulo,” anatero, n'kuyang'ana kutsogolo.

Ndinayamba kudziteteza ngati kuti iwo ndi amene akundiimba mlandu. Ndinati ndi tsiku limodzi lokha. Ndinati Tadala watsala pang'ono kumaliza sekondale, Mphatso ku Ntcheu sakudziwako ngakhale njira yakuchitsime, iwo eni sukulu yawo ili pakati. Ndinati munthu wa zaka zanga akachotsedwa ntchito amulemba ndani. Zonsezi zinali zoona, ndipo mantha anga anali enieni.

“Ine sindikuuzani chochita,” anatero mayi anu. “Mantha muli nawowo ine ndili nawo owirikiza. Koma ndimakudziwani, bambo. Mukaimitsa, akusainirani, girini khadi ibwera, inu tulo n'kuthawa. Ndiye ine ndizigona ndi munthu wotembenukatembenuka ngati chimanga chowotcha mpaka imfa. Komanso alendowo akaona zobiriwira, adzafunsiranji za makina atsopano? Tiyeni tikagule mbuzi asanatseke.”

Funso lomalizalo ndi limene linandibaya. Kufiira kuja ndiko kokha kumene kunkalankhulira agogo a chipinda chakumapeto, amene sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Wilson. Mayi anu atalowa m'sitolo, ndinaimbira a Gary ndili m'galimoto momwemo.

“Bwana, pulogalamu ija sindiimitsa. Ndakuimbirani lero kuti mawa musadzidzimuke pamaso pa alendo. Mukafuna ndidzaima nanu n'kufotokoza chimene chikufunika.”

A Gary anangoti, “Chabwino, Wilson,” n'kudula. Mbuzi ya tsiku limenelo inaphikidwa bwino, koma ine sindinaimve kukoma.

Lachinayi kutacha pulogalamu inagwira ntchito yake monga masiku onse, ndipo alendo anapeza khoma lili ndi maso ake ofiira. Mayi wina mwa iwo anafunsa tanthauzo lake. A Gary, kunena zoona, anayankha mwachilungamo, thukuta lili kamukamu, ine ndikuthandizira pa za makina. Alendowo sanasangalale. Anasaina mgwirizano waufupi, n'kunena kuti makina asinthidwe msanga, ndipo anasinthidwadi. Makina akale aja sanafe, palibe wodwala anavulala, ndipo palibe anandithokoza. Anzanga awiri anachotsedwa ntchito chaka chisanathe, chifukwa ndalama za mgwirizano waufupi zinachepa. Mmodzi anali ndi mwana wakhanda. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindingakunamizeni kuti chilichonse chinatha bwino.

A Gary sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi. Anangosiya kuima padesiki langa. Ndikafunsa za mapepala ankati kampani yaganiza zodikira kaye, ndipo kudikirako kunalibe tsiku lake. Nthawi ya viza yanga inkapita ngati madzi a m'dengu.

Indianapolis, 2016 mpaka 2019

Ndinafunsira ntchito paliponse pamene panali khomo. Mu 2016 sukulu ina yaukachenjede mumzinda momwemu inanditenga kuti ndikaumbe madashibodi a makompyuta ake, ndipo inavomera kundiyendetsera mapepala. Koma kunali kuyambiranso pachiyambi. Loya anandichenjeza kuti mpaka zonse zitatha ndisatuluke m'dziko, chifukwa ndikatuluka mwina sadzandilola kulowanso, ndipo inu mudzatsala opanda chokhalira kuno. Ndinavomera mosavuta, poganiza kuti kumudzi zonse zili bwino. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mu 2017 agogo anu aakazi anayamba kudwala. Azakhali anu a Esinati, mlongo wanga, ndi amene ankawasamalira, ndipo ankandiimbira kawirikawiri. Poyamba ankati akupezako bwino, kenaka anasiya kunena zimenezo. Tsiku lina Loweruka masana, ndikuchotsa masamba m'ngalande zadenga, foni inalira.

“Achimwene, amayi akufuna alankhule nanu,” anatero a Esinati. “Musawatopetse.”

Ndinatsika pamakwerero n'kukhala pa udzu. Mawu a amayi anali ang'ono, koma ukali wawo unalipobe.

“Iwe Wilisoni, ndamva kuti subwera.”

“Amayi, ndi mapepala. Ndikatuluka kuno mwina sindidzalowanso, ana adzavutika.”

“Mapepala akowo satha bwanji? Anzako amabwera Khirisimasi iliyonse, atanenepa. Iwe unalakwa chiyani kumeneko?”

Munthu amene sanagwirepo kompyuta ungamuuze chiyani za madashibodi, malire ndi pulogalamu ya m'mawa? Misozi inali itayamba kale kutsika. Ndiye ndinangonena mmene ndinkaganizira mumtima zaka zonsezi.

“Amayi, abwana anga akale anandiuza kuti ndipale chikombole. Nditakana, mapepala anga anawasiya.”

Ndinkangomva kupuma kwawo ndi nkhuku zikulira chapatali.

“Ndiye unapala?”

“Ayi, amayi.”

“Nanga ukulira chiyani? Khala komweko, uyang'ane ana. Okumba manda kuno alipo ambiri.”

Anabwezera foni kwa a Esinati, ndipo amenewo anali mawu awo omaliza kwa ine. Anamwalira sabata yotsatira. Maliro ndinawamvera pafoni, nditakhala pampando wakukhitchini ku Beech Grove, nyimbo za amayi a kutchalitchi zikudukaduka. Kumudzi kunali masana, kuno kunali kukucha, inu mukukonzekera sukulu mwakachetechete chifukwa mayi anu anakuuzani kuti musandisokoneze.

Girini khadi inabwera mu 2019, m'kaenvelopu kopepuka, ndipo chaka chomwecho ndinapita kukaona manda. Tadala anali ali kukoleji, Mphatso akumaliza sekondale, mayi anu atavala kale yunifolomu ya namwino wathunthu. Ndinapeza udzu utamera kale pamtumbira, ndipo ndinauzula ndi manja.

Tadala, yankho la funso lako ndi limenelo. Masiku ena ndimadzifunsabe ngati tsiku limodzi lobiriwira likanapweteka munthu, ndipo yankho sindikulidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanaimitsa pulogalamu ija, ndikanafika ku Ntcheu nthawi ilipo, ndikanakhala pamphasa pafupi ndi mayi anga n'kuwagwira dzanja. Ndipo akanandifunsa kuti mapepala anatha bwanji msanga chotere, ndikanayenera kuwayankha ndikuyang'ana pansi.